Chinsalu cha Pakhomo

Zaka khumi ndi ziwiri ndinakhala pakhomo lija,
ku Mchini, kuseri kwa chigayo cha a Shanzi,
dzanja lina pa chinsalu chakuda,
lina m'chitini cha makobidi.
Mkatimo mabenchi asanu, tivi ya msana waukulu,
ndi thukuta la anyamata othawa sukulu.
Sindinkafunsa komwe abisa yunifolomu.
Ndinkangowerenga mitu.

Ankakonda za nkhonya:
mwamuna mmodzi kugwetsa anthu makumi atatu,
malaya osang'ambika, tsitsi losasokonekera.
Zolankhulazo sankazimva,
koma chibakera sichifuna womasulira.

Lachinayi lina, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo,
Yotamu, mwana wa a Mzamose ogulitsa kapenta ku Kapata,
anatuluka m'mwanga maso ali psu,
nakwera chulu cha m'mbali mwa Lunkhwakwa,
nadumpha mwendo uli patsogolo monga anaonera,
natera pachifuwa cha Lufeyo mnzake.
Nthiti ziwiri.
Anapita naye kuchipatala pa njinga yahayala,
mutu uli zyoli pamsana pa wopalasa.

Madzulo ake a Mzamose anabwera.
Sanakuwe, bola akanakuwa.
Anaima, nayang'ana chinsalu changa, nati,
"Inu a Daka, mumawadyetsa chiyani ana athu mumdimamu?"

Yankho lake ndikulifunafunabe.

Pakuti ine ndinakulira cha ku Vubwi,
kopanda magetsi, kopanda chithunzi choyenda,
ndipo bambo anga, amene sanaonepo kanema chibadwire,
ankadziwa bwino lomwe pamene pali nthiti za amayi.
Iwo anaonera kwa yani?
Ndinafuna kunena zimenezi,
koma pakamwa panga panali pa munthu wodya nawo.

Sindibisa, panalinso zausiku.
Ikakwana teni ndinkathamangitsa ana,
n'kuika zija za akuluakulu okhaokha, mawu otsitsa.
Matabwa a kumbuyo anali ndi mipata itatu.
Ndinkaidziwa yonse.
Ndinkamva kupuma kwa timaso tosuzumira,
mapazi ang'onoang'ono akupondana pa njerwa,
koma msomali sindinagule.
Pamenepo musanamizire anthu akutali opanga mafilimu.
Nyundo inali pansi pa mpando wanga.

Chaka chatha ku Mwami, mwendo utanditupa,
namwino wina anandigwira dzanja nthawi yaitali.
"Mwandiiwala? Tisauke, wa kumapeto kwa benchi.
M'mwanu muja ndinaona mkazi atavala zoyera
akuuza amuna chochita, iwo n'kumvera.
Ndinapita kunyumba ndi njala ina."
Ndinaseka, n'kubaidwa jakisoni.
Filimuyo sindiikumbuka n'komwe.
Mwina inali tsiku lomwelo la Yotamu, benchi lomwelo,
mvula imodzi yomeretsa chimanga ndi kaufiti.

Nyumba ija inagwa yokha,
osati ndi abusa amene ankaitchula paguwa,
osati ndi a khonsolo.
Ana anangosiya kubwera.
Aliyense tsopano ali ndi kamdima kake m'thumba.

Masiku ano ndimamata machubu a njinga ku Saturday Market.
Yotamu amadutsa atanyamula makasitomala,
bambo wa ana awiri, waulemu, amandipatsa moni ndi manja onse.
Lufeyo amatsokomola ikafika Juni,
ndipo akatsokomola ndimayang'ana kumbali.

Usiku mdzukulu wanga amafunda bulangete kumutu,
kuwala kwa foni kukutulukira m'mabowo a ulusi,
nthawi zina kuseka, nthawi zina zii wautali.
Ndimaima pakhomo, chizolowezi cha ntchito yakale,
wopanda chitini, wopanda wondipempha kulowa.
Sindidziwa chimene akudya.

Chinsalu chija ndinachisunga.
Ndimaphimbira khola la nkhuku kukazizira.
Nkhuku zikaona mdima zimangogona.